Magemu Asanu pa Chitseko cha a Mateus

Mukafika pa Mangochi boma, kuseri kwa msika kumene amagulitsa matayala a njinga, funsani kwa a Mateus. Palibe amene angakusocheretseni. Ndi kashopu kopaka utoto wobiriwira, ndipo m'katimo mukapeza mdala wamfupi, wadazi, wovala magalasi omanga ndi waya. Ntchito yawo ndi kukonza mawayilesi ndi mafoni, koma chimene anthu amawadziwira kwenikweni ndi magemu a pa kanema. Pa chitseko cha shopuyo analembapo ndi choko magemu asanu amene iwo amati sipadzapezekanso ena owaposa mpaka dziko lidzathe. Mvula ikafufuta amalembanso, momwemo, osasuntha ngakhale imodzi.

Ine ndine Shamima, Abiti Jaffalie wa ku Chowe. Magemu sindiwadziwa ndipo sindiwafuna, amangondiwawitsa maso. Koma mndandanda wa pachitsekowo ndimaudziwa kuposa anyamata onse amene amatha tsiku pakhonde paja kukangana ndi mdalayo.

Mayina enieni a magemuwo, achizungu aja, a Mateus salemba. Amalemba momwe tinkawatchulira ife. Nambala faifi ndi ya njinga zamoto. Amati amaikonda chifukwa kamunthu kake kakagwa kamadzuka, n'kuthamangira njinga yake, n'kukweranso, osayang'ana kuti wandiseka ndani. Nambala folo ndi ya mpira, yakalekale, osewera ake ngati timabokosi ta machesi. Apa m'pamene anyamata amafa nako kuseka, poti ya masiku ano amati mpaka thukuta la wosewera limaoneka. A Mateus amangowayankha kuti amene akufuna kuona thukuta apite ku dimba. Nambala filii ndi ya kamunthu kodumpha maenje. Nambala thuu ndi ya njerwa zogwa kuchokera kumwamba, ndipo chilungamo chake n'chakuti pa imeneyi akazi awo, Estela, amawakwapula mpaka lero, ngakhale iwo amanamizira maso.

Ndiye pamwamba penipeni pali ya mizinga. Imeneyi ndiyo imawapweteka mutu anyamata aja, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe anawaonapo a Mateus akuisewera. Kaseti yake ili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa shelefu, ndipo ukangoloza chitinicho nkhani imasinthidwa pompo. Anyamata amati mdalayu ndi wabodza, gemuyo saidziwa n'komwe. Amaidziwa, ana inu. Ine ndinalipo.

A Mateus ndi Estela anafika ku Chowe mu 1988, wapansi, kudzera m'mapiri a kuseri kwa Namwera, akuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique. Amuna anga, malemu a Yunus, anawapeza atakhala pansi pa mango pafupi ndi mzikiti, alibe ngakhale kapu yomwera madzi. A Yunus anali munthu woti akaona mbuzi yonyowa akhoza kuibweretsa kuchipinda. Anabwera nawo kunyumba n'kuwapatsa malo kuseri kwa khitchini yathu kuti amangepo. Ine sindinafune, ndisaname. Ndinanena kuti anthu osadziwika kochokera, a mpingo wina, mawa atibera nkhuku. Zina zimene ndinanena tsiku limenelo Mulungu andikhululukire, sindizibwereza.

Estela anali mtsikana wowonda, wosayankhula. Ukamufunsa za kwawo ankayang'ana pansi n'kumakanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Mwana analibe, ndipo zaka zinayi zinadutsa mimba osaoneka. Amayi a m'mudzi tinali titagamula kale kuti ndi wosabereka, mukudziwa pakamwa pathu. Koma ntchito, eee! Tinayamba kusinja limodzi mtondo umodzi, iye uko ine uku, ndipo n'pamtondo pomwepo pamene mtima wanga unafewera. Anayamba kunditchula kuti achemwali, a Mateus n'kumanditchula alamu. Nditabereka mwana wanga Esime, Estela ankamubereka kumbuyo kuposa ine mayi wake. Ankabwera m'mamawa n'kuima pakhomo, osapempha, kungotambasula chitenje.

A Mateus anali osiyana ndi mkazi wawo ngati mchere ndi shuga. Olongolola, okonda kuseka, ndipo zala zawo sizinkakhala chete. Anakonza wayilesi ya a Yunus imene inafa ine ndisanakwatiwe. Mbiri inamveka, ndipo mu 1990 anapeza ntchito pa hotela ina ku Nkopola, yoyang'anira jenereta ndi kukonza magetsi. Ankagona komweko n'kumabwera kumudzi kumapeto kwa mwezi. Kumeneko n'kumene anatola kamakina ka magemu kamene ana a bwana wawo anataya katawonongeka. Anakatsegula, anakapukuta, anakawotcherera tiwaya, kanadzuka. Kuyambira pamenepo mtendere unatha pakhonde pathu. Akabwera nkhani inali imodzi, kuti mwezi uno nambala wani ndi yakuti, ija ya mwezi watha yatsika. A Yunus ankamvetsera kukamwa kuli yasa, chinthu choti sanachionepo n'komwe, mpaka kumatsutsa kuti ayi achimwene, ya njinga ija musaitsitse. Ine ndinkati amuna awiri akuluakulu, ndevu pepeya, kukangana za tizidole.

Tsiku lake linali Loweruka, mu Seputembala wa 1992, chaka cha chilala chija. Mitsinje inali itauma, madzi tinkachita kufukula mumchenga. Estela anadzuka m'mawa, anatenga Esime, amene anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, n'kupita naye kumtsinje kukadikira madzi. Ine ndinatsala kusenda chinangwa.

Dzuwa litakwera pang'ono ndinangoona a Mateus akutulukira, kativi pamutu, kamakina m'chikwama, a Yunus pambuyo akukankha njinga itanyamula batire ya galimoto. Anali atapangana mwezi wathawo osatiuza. A Mateus anati akufuna Chowe yense aone zimene azungu amachita akakhuta. Anayala zonse pakhonde pathu, kativi kanayaka, koma mawu ake anali aang'ono ngati udzudzu. Apa m'pamene a Yunus anabwera ndi nzeru yawo yoopsa. Anathamanga kukabwereka sipika ya a Wadi, chimkuzamawu chija ankabwereketsa pa maukwati, n'kuchipachika mumtengo wa mango. A Mateus analumikiza mawaya, n'kusankha gemu imene inali nambala wani mwezi umenewo, ya mizinga.

Du! Du! Tatatata! Du!

Kwa ine zinamveka ngati chimanga chikuphulika m'chiwaya, kungoti mokweza. Koma Chowe ndi wa mapiri, ndipo mapiri amabweza mawu. Phokoso lija linagunda phiri ili, linabwerera ku lija, mpaka sunkadziwa kumene likuchokera. Ndiye taonani zimene zinachitika. Ife obadwira konkuno tonse tinathamangira kumene kunali phokoso kuti tikaone. Anzathu ochokera ku Mozambique, amene anali mabanja ambirithu m'mudzimo, onse anathamangira kwina. Palibe anafunsa mnzake. Mayi wina anasiya mphika pamoto, wina anadumpha mpanda umene pa tsiku wamba sakanautha.

Zinatenga kanthawi kuti tizindikire. Anthu anayamba kutuluka m'tchire mmodzimmodzi, akudzisasa, ena akutukwana, ena akuseka mwamanyazi. A Alberto, mdala wina wa kwawo komweko, tinawapeza m'nkhokwe yopanda kanthu atakumbatira tambala wawo, atamugwira mlomo. Tinaseka mpaka misozi, ine ndiye ndinaseka kuposa onse. A Mateus anapepesa, anatsitsako mawu, gemu n'kupitirira, anthu atazungulira khonde.

Chimene chinandikumbutsa ndi mabere. Anadzaza n'kuyamba kuwawa, ndipo ndinazindikira kuti nthawi yoyamwitsa yadutsa kalekale. Ndinayang'ana m'gulumo, Estela mulibe. Ndinapita kunyumba kwake, kulibe. Ndinatsetsereka kumtsinje ndikuyenda, kenako ndikuthamanga. Pa dzenje la madzi ndinapeza ndowa itagwa cham'mbali, chikho chili pamchenga, ndi patapata mmodzi. Munthu panalibe.

Ndinakuwa, anthu anabwera. Amuna anamwazikana m'tchire mbali zonse akuitana. Estela! Estelaaa! Tuluka, kulibe nkhondo! Mawu awo nawonso ankagunda mapiri n'kubwerera. Ine ndinali pakati pa mchenga ndikuitana nawo mpaka kukhosi kuwawa.

A Mateus anafika mochedwa, poti anthu anachita kukawazula pa gemu paja. Ndinkayembekeza kuti ayamba kuitana nawo. M'malo mwake anayamba kuthamangira amuna aja mmodzimmodzi, kuwagwira pakamwa, kuwakankha pachifuwa, kuwachonderera kuti akhale chete. A Alberto nawonso chimodzimodzi, akugwetsa anthu pansi ndi manja awo okalambawo. Magazi anandikwera kumutu. Ndinawagwira a Mateus pa kolala ya shati n'kuwauza kuti mkazi wawo wosaberekayo wandibera mwana, ndipo iwo akumubisa, anapangana. Ndinawauza kuti ndinanena ine kuyambira tsiku loyamba. Anthu anayesa kundigwira, ndinawasasa.

Iwo sanandichotse dzanja. Anangotsetsereka n'kukhala pansi pamchenga, nkhope itachita phulusa.

"Alamu," anatero, "sindikuopa fisi, sindikuopa njoka. Ndikuopa manja a mkazi wanga. Auzeni anthuwa asiye kuitana."

Ndiye anandiuza, pamaso pa anthu onse, zimene anabisa zaka zinayi. Kwawo, anthu a mfuti akalowa m'mudzi n'kupeza anthu athawa, ankagwira mmodzi kapena awiri n'kuwakakamiza kuyenda m'tchire akuitana abale awo mayina, kuti tulukani, kwatha. Wotuluka sankabwerera. Choncho lamulo linali lakuti ukamva dzina lako, ngakhale mawu akhale a mwamuna wako kapena a mayi ako okubereka, usayankhe, ulowe mkati kwambiri. Kuitana kwathu konse kuja, kwa Estela kunkatanthauza kuti mudzi wagwidwa ndipo akumusaka.

Ndipo Estela sanali wosabereka. Anali ndi mwana wamwamuna, dzina lake Simioni. Chaka chimodzi asanafike kwathu anabisala m'bango m'mbali mwa mtsinje, a Mateus, Estela ndi khandalo, lili ndi miyezi isanu. Anthu a mfuti ankadutsa pafupi, oitana akuitana. Mwana anayamba kulira. Estela anamukanikizira pachifuwa, n'kumuphimba ndi chitenje, n'kugwira. Oitana akayandikira, iye n'kumagwiritsa. Atapita anthu aja anamuvundukula, mwana ali chete. Anamukwirira pomwepo ndi manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la Simioni silinatulukenso pakamwa pa Estela.

Ndinayang'ana pansi n'kuona kuti mkaka wanyowetsa bulauzi yonse mpaka m'chiuno. Kutali kuphiri munthu wina anali akuitanabe, Estelaaa, ndipo ndinamva ngati dzanja lija likutseka pakamwa panga ine. Ndinauza a Yunus kuti akapanda kumutontholetsa munthu ameneyo ndikamutontholetsa ndekha ndi mwala.

Tchire litakhala zii, ndinafunsa a Mateus kuti nanga kwawoko munthu ankatuluka bwanji, kapena ankangofera konko. Anati panali chizindikiro chimodzi chokha. Zikatha, mayi mmodzi ankatenga mtondo wopanda kanthu n'kuyamba kusinja. Mayi wogwidwa akamasinjira anthu a mfuti amasinja chimanga, ndipo mtondo wa chimanga umalira mogonthera. Wopanda kanthu umalira mokweza, mowuma, ndipo palibe msilikali angauze munthu kusinja mphepo. Ukamva umenewo, wadziwa kuti ndi anzako. A Alberto anavomera ndi mutu. Anawonjeza kuti Estela sangakhale kumunsi, chifukwa ankaphunzitsana kuthawa mokwera mtsinje, kuponda pamiyala kuti mapazi asaoneke.

Mayi wina wachikulire anayamba zoti kwathu kuno kusinja mtondo wopanda kanthu n'kuitana njala. Ndinamufunsa kuti njala yake iti, poti imene ilipoyi yafika kale ndipo yakhala pampando.

Tinanyamuka anthu atatu basi, ena onse tinawabweza. A Yunus anasenza mtondo wanga, ine musi paphewa, a Mateus patsogolo, atavula nsapato, maso pamiyala. Tikayenda kamtunda ankakweza dzanja, a Yunus n'kutula mtondo, ine n'kuyamba. Gho! Gho! Gho! Musi ukagunda mtondo wopanda kanthu umabwerera m'manja ngati wakwiya, mapewa mpaka mano amamva. Ndikasinja kwa kanthawi tinkaima n'kumvetsera. Kunkangomveka nyenje.

Malo oyamba, palibe. Achiwiri, palibe. Pa malo achitatu a Mateus anatola kansalu kakang'ono pa minga, ka chitenje chimene ndinamupatsa Estela pa Idi. Anangondionetsa n'kupitirira. Dzuwa linafika pamutu, miyala inayamba kuotcha ngati chiwaya. Nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, inatipeza tili pakati pa mapiri, ndipo a Yunus, amene sankaphonya swala ngakhale adwale, anangoyenda milomo ikugwedera, mtondo uli pamutu. Ine zimene ndinkamuuza Mulungu sizinali za m'buku. Ndinkangoti mwana wanga apume, apume basi, zina zonse tengani.

Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, musi unayamba kuterera ndi magazi. A Mateus anatambasula dzanja kuti andilandire. Ndinakana. Estela anasinja nane zaka zinayi, ankadziwa kagundidwe kanga monga momwe munthu amadziwira kutsokomola kwa mwamuna wake. Akanamva dzanja lachilendo akanalowa mkati. Ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje changa, ndinakulunga manja, ndinapitiriza.

Sindikudziwa kuti tinatula mtondo kangati. Dzuwa litayamba kupendeka tinafika pamene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala ikuluikulu, malo a anyani, kumene ngakhale otola nkhuni safikako. Ndinasinja, ndinasinja, mpaka mikono inakana. Ndinagwetsa musi n'kutsamira mtondo. Ndipo m'kachetechete muja ndinamva kamawu kakang'ono, kosasa, kuchokera pamwamba pathu.

"Achemwali?"

Pakati pa miyala iwiri panali mng'alu woti munthu sungauganizire. Estela anatulukira pamenepo akukwawa ndi maondo ndi zigongono, mapazi ali magazi okhaokha. Ndinayang'ana kumsana kwake. Kunalibe kanthu. Chitenje kunalibe, mwana kunalibe. Manja ake anali lende ngati nsalu zonyowa. Ndikukuuzani, dziko linada bii masanasana.

Kenako m'kati mwa mng'alu muja munatuluka kulira. Kulira kosasa, kwaukali, kwa mwana wanjala amene watopa ndi anthu onse a pa dziko lapansi.

Mmene ndinakwerera mwala umene uja sindikudziwa mpaka lero. Ndinalowa chamutu, ndinamupeza Esime atagonekedwa pa chitenje choyala bwinobwino, nkhope ili psuu, tizibakera tili m'mwamba, kukamwa kuli yasa. Ndinamukokera panja n'kumuika kubere ndisanakhale n'komwe pansi. Analuma ngati ng'ona. Alhamdulillah, ululu wokoma ngati umene uja sindinaumveponso. Ndinalira, ndinaseka, ndinamuwerenga zala ngati kuti wina akanachotsapo chimodzi.

Estela anali atakhala pamwala akundiyang'ana. Ndinamufunsa chimene chachitika ndi manja ake, ngati wagwa kapena walumidwa. Anapukusa mutu. Anati atalowa m'phangamo n'kumva anthu akuitana dzina lake, mwana anayamba kulira, ndipo anaona manja ake akupita okha. Ndiye anamasula mwana, anamugoneka patali, n'kukhalira manja akewo. Anawakhalira kuyambira m'mawa mpaka pamene anamva mtondo, osasuntha, mpaka anafa dzanzi.

"Analira, achemwali," anatero. "Analira kwambiri. Ndinamusiya alire. Ndinati abwere andiphe, koma uyu alire."

Ine amene ndinali nditamutchula wakuba m'mawa womwewo, pamaso pa mudzi wonse, ndinasowa poyang'ana. Ndinasendera pafupi, Esime ali kubere, n'kutenga dzanja lake limodzi kuyamba kulitikita. Linali lozizira ngati mwala wa m'madzi. A Yunus anatembenuka n'kumayang'ana phiri, mapewa akugwedera.

A Mateus anagwada patsogolo pa mkazi wawo n'kuyamba kufotokoza kuti kulibe nkhondo, palibe wagwidwa, mudzi uli bwinobwino. Anati zinali za pa kanema, kamakina kaja ankanena kaja, ndi sipika ya a Wadi. Estela anafunsa kuti tizidole tija? Iwo anati eya, tomwe tija. Nthawi imeneyo n'kuti magazi akubwerera m'manja mwake, akuluma ngati nyerere. Ndipo ntchito yoyamba imene dzanja lija linagwira litadzuka inali kuwatchaya a Mateus khofi pa dazi, lomveka mpaka kutsidya. Anyani anathawa. A Mateus anati awonjezere lina, ndi lochepa.

Estela sanawonjeze. Anayamba kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, kumene sindinamumvepo zaka zonse zija. Ali mkati molira anati Simioni akanakhala ndi zaka zisanu tsopano, akanamathamanga ndi anzake kukaona tizidoleto. A Mateus atamva dzina lija pakamwa pa mkazi wawo anagwira kumaso. Tinakhala pamwala paja anthu anayi ndi khanda, osafulumira, mpaka Esime anakhuta n'kugona.

Potsika a Yunus anamubereka Estela kumsana chifukwa cha mapazi aja, a Mateus n'kusenza mtondo. Titafika anthu anatichingamira ndi nthungululu ngati tikuchokera ku Maka. Ine ndinaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza kuti zimene ndinayankhula m'mawa zinali za uchitsiru, ndipo aliyense amene adzazibwereze adzaonana ndi ine. A Mateus anapita pakhonde, anazula waya wa sipika, anatulutsa kaseti ija m'kamakina n'kuikulunga m'pepala.

Patangopita milungu yochepa tinamva pa wayilesi kuti kwawo asayinirana mtendere. M'zaka ziwiri zotsatira anzawo ambiri anakwera malole kubwerera, a Alberto ndi tambala wawo yemwe. A Mateus ndi Estela anatsala. Chaka chotsatira chilala chija Estela anabereka mwana wamkazi, Joana, ndipo amayi aja tinagamula kuti ndi wosabereka tinapita kukaona mwana titanyamula sopo, manyazi tili nawo. Kenako anadzasamukira ku boma n'kutsegula kashopu kaja. Magemu anabwera ambirimbiri, a makaseti, a madisiki, tsopano a m'mafoni, ndipo onse a Mateus anawalawa. Amawayamikira ndithu, ena amati ndi okoma. Koma pachitseko safikapo.

Esime lero ndi mayi wa ana atatu, amagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa pa boma womwewo. Mukamva mayi akukangana ndi wogula mawu ake kumveka mpaka ku depoti, ndi yemweyo. Ena amati anatengera ine, kaya. Ndikadandaula kuti mwana uyu pakamwa pake pandichititsa manyazi, Estela amandigwira mkono n'kunena kuti musiyeni, achemwali, pakamwa pamenepo ndinapasiya dala.

Mwezi wathawu ndinapita ku boma kukakonzetsa foni. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo ndinawapeza a Mateus ataima pachitseko ndi choko, akulembanso mndandanda wawo kuyambira pansi. Anyamata anali asanafike. Ndinakhala pa benchi n'kuwauza kuti alamu, takalamba tonse, a Yunus anapita, lero mundiuze. Gemu imene inatsala pang'ono kutiphera mwana, gemu imene simunaigwirenso zaka makumi atatu, ikutani pamwamba pa anzake? Ine ndikanakhala inu ndikanaiponya mu Shire.

Anamaliza kulemba ya njerwa, anapukuta choko m'manja, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo a waya aja.

"Alamu, zinayi zapansizi ndinkapambana ndine," anatero. "Iyi anapambana ndi Estela."

Anatembenuka, anaimirira ndi zala za kumapazi poti ndi wamfupi, n'kulemba nambala wani.